Kiyi Ali M'thumba, Galimoto ndi ya Wina

Kuchoka ku Moatize kukafika pachipata cha Zóbuè ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo msewu wake wa N7 sugona tulo. Mathiraki ochokera ku Beira, ku Harare ndi ku Johannesburg amakwera zitunda zake mwaulesi kulinga ku Mwanza ndi ku Blantyre. Maminibasi, amene kuno amawatcha chapa, amawapitirira atadzaza mpaka pakhomo. Pakatikati pamathamanga tigalimoto ta ku Japan tonyamula amayi a geni, antchito a kumgodi ndi Amalawi a paulendo wa ku Joni. Mwa anyamata amene agwira chiwongolero m'tigalimoto timeneti, ochuluka ndithu si eni ake, komanso si antchito olandira malipiro pakutha pa mwezi. Amachita kubwereka galimotoyo n'kumalipira.

Pangano lake n'losavuta kumva, ndipo kawirikawiri limathera pakamwa. M'mawa dalaivala amatenga kiyi. Madzulo, kapena pakutha pa sabata, amapereka kwa mwini galimoto ndalama imene anagwirizana, yomwe kuno amati receita pomwe kutsidya kwa malire amati tageti. Mafuta ndi ake, nsima ya masana ndi yake, kangachepe ka pa rodibuloko n'kakenso. Zotsala, zichuluke kapena zichepe, amapita nazo kunyumba. Mwini galimoto amayenera kuona za injini, matayala, inshulansi ndi mapepala a boma.

Nkhani imene imautsa mapiri pachigwa m'masiteji ndi yakuti: kodi munthu wotereyu ndi bwana wa iye yekha, kapena ndi tenanti wa pamsewu, mbale wake wa alimi a fodya a m'maesiteti a ku Malawi aja, amene ankalima munda wa wina n'kukolola ngongole mpaka lamulo linaletsa mchitidwewo mu 2021?

Oikira kumbuyo kubwereka amayambira nkhani yawo pa malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapatsidwa chilolezo cha mgodi wa Moatize mu 2004 ndipo inayamba kutulutsa malasha mu 2011. Zaka zimenezo tawuni inafufuma, lendi ya nyumba inakwera, ndipo mnyamata aliyense wochenjera anathamangira kukaphunzira galimoto poganiza kuti ntchito ili pakhomo. Kenako mphepo inatembenuka. Kampani ya Rio Tinto, imene mu 2011 inalipira madola pafupifupi 4 biliyoni pogula kampani ya Riversdale ndi mgodi wake wa Benga, inagulitsa bizinesi yake ya malasha ya ku Mozambique mu 2014 kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Njanji yopita ku Nacala kudzera ku Malawi itatha kumangidwa, makontirakiti a zomangamanga anatha nawo. Vale yeniyeniyo inasiya mgodi m'manja mwa Vulcan mu 2022. Malasha akukumbidwabe, koma mgodi wamakono ndi wa makina akuluakulu ndi anthu ochepa a mapepala. Sungalembe ntchito mnyamata aliyense wa ku Cateme, kumene mabanja oposa 700 anasamutsidwira kuti apereke malo ku mgodiwo, kutali ndi msika komanso ndi misewu imene ankapezerapo ndalama.

Tsono, amatero a mbali iyi, munthu ali ndi laisensi m'thumba koma alibe ntchito, alibenso mpamba: apite kuti? Ku banki? Chiwongoladzanja chimene mabanki a ku Mozambique amayambira powerengera ngongole chinapitirira 20 peresenti mu 2023, ndipo banki imafuna chikole ndi kalata ya malipiro, zinthu zimene iyeyo alibe. Kubwereka galimoto ndi khomo lokhalo limene limatseguka popanda chikole. Chikole chake ndi mbiri ya munthu: kuti sakumwa ali pa chiwongolero, kuti amalume ake ndi odziwika pamudzi, kuti sanathawepo ndi ndalama za wina. Lero ukugwirizana ndi mwini galimoto, mawa wayamba kudyetsa ana.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyambayo, ndipo otsutsa sakonda kuimva. Galimoto ndi chinthu chimene chimatha tsiku ndi tsiku. Ku chigwa cha Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, fumbi la malasha limalowa paliponse, ndipo mathiraki olemera amasiya maenje amene amadya mashoko ndi matayala. Galimoto yogulidwa kale ku Japan itayenda zaka zingapo pamsewu wotere, imasanduka chiphakasa. Injini ikagogoda, wobwereka amabweza kiyi n'kukafunsa kwa mwini galimoto wina. Mwiniwake ndiye amatsala ndi chitsulo pabwalo ndi makaniko pakhosi. Amene amathamangira kunena kuti dalaivala akudyeredwa masuku pamutu amaiwala kuti mwa anthu awiriwa, amene angataye chuma chake chonse tsiku limodzi pa ngozi ya pakona ndi mwini galimotoyo.

Ndipo mwini galimotoyo ndani? Nthawi zambiri si mpondamatiki. Ndi mphunzitsi, ndi namwino, ndi bambo amene anachotsedwa ntchito kumgodi n'kuika ndalama zake zomaliza pa kagalimoto kamodzi. Iyeyu ali ndi yankho lokonzeka kwa amene amati angomulemba dalaivala ntchito ya pamwezi: adzadziwa bwanji kuti lero anthu akwera angati? Takisi za kuno zilibe mita, zilibe malisiti, ndipo wokwera amakwerera paliponse n'kutsikira paliponse. Malipiro a pamwezi amafuna kukhulupirirana kumene kulibe. Ndalama yokhazikika ya tsiku imathetsa mlandu wonsewo: palibe kuwerengetsana, palibe kunamizana, palibe kuika m'bale wako m'galimoto kuti azikazonda. Kenya inayesapo njira inayo. Malamulo a nduna John Michuki, amene anayamba kugwira ntchito mu 2004, analamula kuti madalaivala ndi makondakitala a maminibasi, otchedwa matatu, azilembedwa ntchito n'kumalandira pamwezi. Sipanapite zaka zambiri, tageti inabwerera mwakachetechete.

Palinso masiku a phwando. Kutha kwa mwezi antchito a kumgodi akalandira, mu Disembala Amalawi a ku Joni akamabwerera kwawo ndi zikwama zazikulu, nyengo imene mbatata ya kachewere ndi kabichi za ku Angónia ndi ku Tsangano zikutsikira ku chigwa, dalaivala amakwanitsa ya bwana dzuwa lisanafike pamutu. Zonse za masana ndi madzulo ndi zake. Wa pamwezi sangaone zimenezo. Maliro akagwa kumudzi, wobwereka sapempha chilolezo kwa kapitawo aliyense.

Apa mpamene a mbali inayo amaseka. Zoona sapempha chilolezo, iwo amatero, koma ndalama ya tsiku la malirolo amalipirabe.

Otsutsa kubwereka safuna kumva za Disembala. Amati tiyeni tiwerenge Febuluwale, mvula ikugwa, anthu alibe ndalama, siteji yadzaza magalimoto kuposa okwera. Ndipo amati tione mndandanda wa amene amadya ndalama ya tsiku: woyamba ndi wa pa filing'i siteshoni, wachiwiri ndi mwini galimoto, oitanira ndi a pamsewu amalowa pakati, dalaivala ndi womaliza. Ulendo wa Moatize–Zóbuè kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 200. Kagalimoto kakang'ono kodzaza anthu ndi katundu, kokwera zitunda, kangamwe malita 15 kapena kuposa. Mu Julayi 2022 petulo anafika pafupifupi 87 meticais pa lita m'mizinda ya kudoko, ndipo ku Tete, komwe mafuta amachita kubwera pa thiraki, amakhala okwererapo. Ndiye kuti ulendo umodzi wokha unkafuna 1,300 meticais ya mafuta dalaivala asanaone kobiri la mwini galimoto, osanena lake.

Mafuta akakwera, mtengo wokwerera sukwera tsiku lomwelo. Mitengo ya chapa amakambirana ndi a boma ndi mabungwe a eni magalimoto, ndipo boma limaiopa nkhaniyi chiyambire pa 5 Febuluwale 2008, pamene kukwera kwa mtengo wa chapa kunayatsa zipolowe ku Maputo mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Wa takisi sangakweze yekha pamene chapa ili pambali pake pa mtengo wakale. Mwini galimoto naye satsitsa yake. Pamwamba patsekedwa, pansi pakukwera, ndipo wofinyika pakati ndi mmodzi yekha.

Koma mfundo imene imavuta kuyankha kwambiri ndi ya masiku amene msewu umafa. Msewu uwu wafapo kangapo m'zaka khumi zokha. Chakumayambiriro kwa 2016, kulimbana kwa asilikali a boma ndi a Renamo kunathamangitsa anthu oposa 10,000, ambiri a m'midzi ya m'boma la Moatize lomweli, kukabisala ku Kapise m'boma la Mwanza. Mu Epulo 2020 malamulo a Covid-19 anachepetsa chiwerengero cha okwera m'galimoto ndipo kuwoloka malire kunavuta. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúboè, wolumikiza Tete ndi Moatize, moti magalimoto ankachita kuzungulira ku mlatho wa Kassuende ku Benga, ulendo wautali wofuna mafuta ambiri. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amayi a geni a ku Mwanza amene ankawoloka kudzagula katundu anapeza kuti ndalama zawo zasanduka mapepala kwa osintha ndalama a pa Zóbuè. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, zionetsero zinatseka misewu m'madera ambiri a dziko kwa miyezi.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene dalaivala anachititsa. Koma pangano la pakamwa lija silinena kanthu za tsiku limene mlatho wagwa. Mwini galimoto wachifundo amakhululuka, wina amati tigawane pakati, wina amalemba ngongole m'kope. Zonse zimadalira mtima wa munthu mmodzi, ndipo munthuyo nayenso ali ndi ana a sukulu. Otsutsa amati bizinesi imene phindu lake lili ndi malire koma kutaya kwake kulibe malire si bizinesi, ndi njuga imene mmodzi yekha amabetcha.

Zotsatira zake zimaoneka pa phula. Munthu amene akudziwa kuti maola asanu ndi limodzi oyambirira akugwirira wina, amathamanga. Amaika anthu anayi pampando wa atatu, wina pafupi ndi giya. Amadzuka nkhuku zisanalire n'kukagona usiku wapita. Amapitirira thiraki pamalo osaoneka kutsogolo chifukwa mnzake wa kumbuyo angamulande okwera a pa siteji yotsatira. Mabuleki akayamba kulira amakhala chete, chifukwa tsiku la ku galaja ndi tsiku lopanda ndalama, ndipo mwina mwini galimoto anena kuti wawononga ndiwe. Mfundo ija yakuti zokonza ndi za mwiniwake imathera pomwepo: tayala laphulika chifukwa linali litatha kale, kapena chifukwa dalaivala anagwera m'dzenje? Khoti la nkhani imeneyi kulibe.

Amagulanso mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu chifukwa ndi otsikirapo mtengo. Anthu a m'dera lino sayiwala kumene malonda amenewa anafikitsa mudzi wa Caphiridzange pa 17 Novembala 2016, pamene thanki ya mafuta yopita ku Malawi inaphulika anthu atazungulira ndi zigubu zawo, n'kupha anthu ambirimbiri. Ndipo pamsewu wa m'malire pali katundu wina wolipira bwino kuposa mayi wa tomato: anthu opanda mapepala ochokera ku Ethiopia ndi mayiko ena, olowera ku South Africa. Pa 24 Malichi 2020 anthu 64 anapezeka atafa m'kontena pa sikelo ya Mussacama, m'boma lomweli. Inali thiraki, sinali takisi, ndipo kungakhale kulakwa kupaka madalaivala onse matope amenewo. Koma wina aliyense amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene dalaivala wabwinobwino amavomera ulendo wa usiku umene akudziwa kuti ungamutsekeretse m'ndende, ayambe wafunsa kuti ali ndi ngongole ya masiku angati.

Nanga ufulu uja? Lamulo la ntchito la Mozambique, nambala 13/2023, limakamba za tchuthi, za maola, za chipukutamisozi munthu akachotsedwa. Wobwereka galimoto zonsezi amangozimvera pa wailesi, chifukwa pamapepala iye si wantchito wa munthu. Ku INSS, bungwe la penshoni, wolembedwa ntchito amadulidwa 3 peresenti ndipo bwana wake amawonjezera 4. Wodzilemba yekha ali ndi ufulu wolembetsa, koma 7 peresenti yonseyo amalipira yekha, kuchokera m'zotsala zija. Akadwala malungo sabata imodzi, kiyi amapita kwa wina, ndipo pa siteji pali anyamata khumi a malaisensi amene akudikira kiyi ameneyo. Nchifukwa chake ndalama ya tsiku sitsika: si mwini galimoto amene amaikweza, ndi mzere wa odikirawo.

Mkanganowu si wa ku Tete kokha. Ku New York, mzinda unalola kubwereketsa takisi mu 1979, ndipo madalaivala amene kale ankagawana ndalama ndi kampani ngati antchito anasanduka odzilemba okha, olipira galimoto asanayambe kuyenda. Ku Dar es Salaam, katswiri wa zachuma Matteo Rizzo, atafufuza kwa zaka zambiri za maminibasi a kumeneko otchedwa madaladala, anatsutsa zoti anyamatawa ndi amalonda ang'onoang'ono: anati ndi antchito opanda kalata ya ntchito. Ku Britain, khoti lalikulu linagamula mu Febuluwale 2021 kuti madalaivala a kampani ya takisi ya Uber ayenera kulandira malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi tchuthi, chifukwa silinayang'ane dzina limene kampani inawapatsa, linayang'ana amene ali ndi mphamvu pa mnzake. Funso limenelo likafunsidwa pa siteji ya Moatize, yankho silichedwa. Amene angathetse panganolo usiku umodzi popanda kutaya chakudya cha mawa ndi mwini galimoto.

Pamenepa wolemba nkhani ino akuona kuti otsutsa apambana pa mfundo ya ufulu. Munthu amene sasankha mtengo, sasankha ndalama ya tsiku, ndipo kiyi angalandidwe popanda chenjezo, kumutcha bwana wa iye yekha ndi kumunyengerera. Koma otsutsawo amagwa akafunsidwa kuti ndiye titani. Kunena kuti boma lilamule malipiro a pamwezi n'kosavuta. Zikatero mphunzitsi uja adzagulitsa kagalimoto kake kapena adzapereka kwa mphwake, ndipo mnyamata wa ku Cateme adzabwerera kukaotcha makala. Woyang'anira za ntchito amene angayendere galimoto iliyonse pakati pa Moatize ndi Zóbuè sanabadwe. Khomo lopanda chikole lija ndi lenileni, ndipo amene sanagonepo ndi njala asalipeputse.

Chimene chimasiyanitsa wobwereka amene akukwera ndi amene akungozungulira pamalo amodzi si kukula kwa ndalama ya tsiku kwenikweni. Ndi kuti malipirowo ali ndi mathero kapena ayi. A njinga zamoto anatulukira kale njira imeneyi: ku Tanzania, ku Uganda, ngakhale kwa akabaza a ku Malawi, pali mapangano akuti mnyamata azilipira mokwererapo kwa chaka kapena chaka ndi theka, kenako njingayo ndi yake. Mwini wake amapeza phindu lake msanga, ndipo woyendetsa amasamala injini chifukwa akudziwa kuti akusamala yake. Pa galimoto njirayi ndi yovutirapo. Ndalama yake ndi yaikulu, zaka zake n'zambiri, ndipo pofika tsiku losinthana mapepala galimotoyo ingakhale itatsala pang'ono kufa. Palinso msampha: wina amalipira miyezi khumi ndi isanu, n'kudwala, n'kulephera masabata atatu, mwini wake n'kulanda galimoto ndi zonse zimene analipira. Popanda pepala losainirana pamaso pa mboni, pangano lotere lingapweteke kuposa kubwereka wamba.

Madalaivala ena sadikira zimenezo. Amalowa chipeleganyu, chimene kuno amati xitique, n'kumasonkherana sabata ndi sabata mpaka aliyense apeze poyambira. Ambiri amayamba ndi njinga yamoto kapena txopela ya matayala atatu, osati galimoto. Izi zili ndi mbola yake: njinga iliyonse yatsopano m'tawuni ya Moatize imachotsa wokwera mmodzi m'takisi, ndipo maulendo afupiafupi amene kale ankathandiza kukwanitsa ndalama ya bwana akupita kwa a njingawo. Wobwereka galimoto akukankhidwira ku ulendo wautali wa ku malire, komwe mafuta ndi ambiri ndipo apolisi a pamsewu ndi ambirinso.

Foni yasintha kanthu kamodzi kakang'ono koma kofunika. Dalaivala akamatumiza ndalama ya tsiku pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga uliwonse umatsala ndi tsiku lake ndi nambala yake. Mkangano wakuti sunandipatse Lachiwiri tsopano watha. Mboni imene pangano la pakamwa linalibe tsopano ili m'thumba la aliyense, ndipo mauthenga a chaka chathunthu ndi umboni umene dalaivala angasonyeze mwini galimoto wina, kapena gulu lobwereketsa ndalama, kuti iye salephera.

Zimene foni singalembe ndi zomwe anthu awiriwa sanakambiranepo chiyambire: tsiku limene galimoto yagona ku galaja alipire ndani, tayala ndi la yani, dalaivala akagonekedwa ku chipatala kiyi amudikira masiku angati, msewu ukatsekedwa ndi madzi kapena ndi zionetsero ndalama ya tsiku itsike motani. Ndi mizere inayi kapena isanu pa pepala la m'kope. Mabungwe a zamtengatenga amene amakhala pa tebulo ndi boma, monga FEMATRO, ndi a eni magalimoto, ndipo nkhani yawo ndi mtengo wokwerera ndi mtengo wa dizilo. Madalaivala obwereka ali ndi atsogoleri a pa siteji amene amadziwa kusunga mzere wa magalimoto ndi kusonkhetsa ya maliro. Atsogoleri omwewo akanatha kukhala mboni za mapangano, n'kukana kulowetsa pamzere galimoto imene mwini wake safuna kusaina. Chovuta n'chakuti ena mwa atsogoleriwo ali ndi magalimoto awoawo pamzere womwewo, ndipo nawonso madzulo amadikira ndalama ya tsiku.